Ntchito zophunzitsa Chingerezi ku Japan ndi ku Korea kudzera m'boma: pasipoti ya Malawi ikuloledwa?

Chitedze84:
Akuluakulu, ndithandizeni. Pa WhatsApp pakuzungulira uthenga woti boma la Japan ndi la South Korea likufuna aphunzitsi a Chingerezi, ndege yaulere, nyumba yaulere. Mchemwali wanga ali ndi digiri ya zauphunzitsi, pasipoti yake ndi ya Malawi. Amene akufalitsa uthengawo akuti ayambe walipira ndalama yolembetsera. Kodi zimenezi n'zoona? Ngati n'zoona, munthu amayambira pati, ndipo pa intavyu amafunsa chiyani?

NyasaKuJoni:
Asalipire ngakhale 1 tambala. Mapulogalamuwo alipodi, wa ku Japan ndi JET, wa ku Korea ndi EPIK, koma onse awiri salipiritsa polembetsa. Fomu ndi yaulere.

Choko_ndi_Dasitala:
A Chitedze, tiyambe ndi pamene ambiri amagwera, chifukwa si pa Chingerezi ayi, ndi pa pasipoti.

EPIK inayamba mu 1995 ndipo ili pansi pa unduna wa zamaphunziro wa ku Korea. Imatenga nzika za mayiko asanu ndi awiri: Australia, Canada, Ireland, New Zealand, South Africa, Britain ndi America. Amwenye ali ndi khomo lawo lapadera chifukwa cha mgwirizano wa zamalonda wa mayiko awiriwo, koma iwo amafunika satifiketi ya uphunzitsi. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique mulibe. Ndipo lamuloli si la EPIK yokha, ndi la viza ya E-2 imene mphunzitsi wa chilankhulo amalowera nayo m'dzikomo. Choncho ngakhale sukulu itamukonda bwanji mchemwali wanuyo, a zolowa ndi kutuluka sangamudindire.

JET inayamba mu 1987. Kumeneko munthu amalembetsa kudzera ku ofesi ya kazembe wa Japan m'dziko limene iye ndi nzika, ndipo malo amaperekedwa dziko ndi dziko. South Africa ndi Britain amatumiza anthu ambiri chaka chilichonse. Kwa wa pasipoti ya Malawi, khomo loti agogode ndi limodzi: ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe. Akafunse ngati chaka chimenecho Malawi yapatsidwa malo. Akati ayi, ndiye kuti ayi, palibe munthu wapakati amene angawatsegule.

Mwana_wa_Mbewe:
Ndiye ife amene tili pa Joni ndi mapepala okhalira tili bwino?

NyasaKuJoni:
Ayi achimwene. Chilolezo chokhala m'dziko, ngakhale chokhazikika, si unzika. Akufuna pasipoti ya South Africa. Abale a ku Zimbabwe amene ali pa ZEP, chilolezo chawo chapadera chokhalira ku South Africa, nawonso sawerengedwa ngati nzika za kumeneko.

Leeds_Nankungwi:
Ndiwonjezere za amene anatenga unzika atakula, chifukwa pamenepa JET ndi EPIK zimasiyana kwambiri. EPIK sikhutira ndi pasipoti yokha. Imafuna kuti munthu akhale ataphunzira m'Chingerezi m'limodzi mwa mayiko aja kuyambira giredi 7 mpaka kuyunivesite, ndipo digiri ikhale ya kumeneko. Wolemba MSCE kumudzi, n'kutenga digiri ku Zomba, kenako n'kupeza pasipoti ya Britain, ku EPIK sadutsa. Koma mwana amene anapita ku Leeds kapena ku Durban ali wamng'ono n'kuphunzira konko, ameneyo ali bwino. A ku South Africa amauzidwanso kubweretsa makalata ochokera kusukulu zawo otsimikiza kuti maphunziro ankachitika m'Chingerezi, poti kumeneko kuli sukulu zina za Chiafrikaans.

JET ilibe lamulo la giredi 7. Imafuna unzika, digiri ya phunziro lililonse, ndi Chingerezi chomveka polankhula ndi polemba. Ndiye kwa Amalawi ambiri amene ali ndi pasipoti yachiwiri, njira yotseguka ndi JET. Ngati muli ndi unzika wa mayiko awiri, mumalembetsa kudzera ku dziko limodzi lokha.

Kambuzi_Wowawa:
Tinene zoona, limeneli ndi tsankho basi. Mphunzitsi amene waphunzitsa galamala zaka khumi akukanidwa, koma mwana wongomaliza digiri ya zojambula ku London akutengedwa.

Choko_ndi_Dasitala:
Kuwawa kwake n'komveka, a Kambuzi, ndipo lamulo la Korea ndi lokhwimadi mopanda chilungamo. Koma tizindikirenso ntchito imene akulembera. Pafupifupi onse a JET amapita ngati ALT, kutanthauza wothandizira mphunzitsi wa Chijapani amene kalasiyo ndi yake. Galamala amaphunzitsa mwini kalasi. Mlendoyo amafunika pa katchulidwe ka mawu, kucheza ndi ana, masewera, ndi kuwaonetsa kuti kunja kuli anthu. N'chifukwa chake satifiketi ya uphunzitsi siikakamizidwa.

Kambuzi_Wowawa:
Kufotokoza chifukwa sikuchotsa tsankho.

Mai_a_Dalitso:
Kambuzi akunena zoona, koma tisakhalitse pamenepo. Alipo maboma ena amene sayang'ana pasipoti motere. Hong Kong ili ndi pulogalamu yolemba aphunzitsi a Chingerezi yotchedwa NET kuyambira 1998, ndipo imayang'ana ngati Chingerezi chanu chikufanana ndi cha eni chilankhulo, kuphatikiza digiri ndi mapepala a uphunzitsi. Mpikisano wake ndi woopsa, koma mphunzitsi weniweni ndi kumene mapepala ake amalemera. France nayo imatenga othandizira m'kalasi ochokera m'mayiko ambiri, ena a muno mu Africa: maola 12 pa sabata, miyezi 7 kuyambira Okutobala mpaka Epulo, koma muyenera kudziwa Chifalansa cha mulingo wapakati umene amautcha B1 ndipo dziko lanu likhale pamndandanda wawo.

Chitedze84:
Zikomo nonse. Mchemwaliyo akafunsa ku Lilongwe. Koma ndili ndi mphwanga wobadwira ku Johannesburg, nzika ya konko, akumaliza digiri chaka chino. Kwa iyeyo ndondomeko yake ndi yotani?

Pretoria_Mlembi:
Ameneyo akhoza kuyesa zonse ziwiri. Ndiyambe ndi JET.

Amalembetsa kamodzi pa chaka, cha m'ma Okutobala ndi Novembala. Odutsa pa mapepala amaitanidwa ku intavyu mu Januwale kapena Febuluwale. Zotsatira zimatuluka cha kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, dera limene mukupita mumalidziwa cha mu Meyi kapena Juni, ndipo ndege imanyamuka kumapeto kwa Julayi kapena kuyamba kwa Ogasiti. Kuyambira fomu mpaka ndege ndi miyezi pafupifupi 9, ndiye asasiye ntchito imene ali nayo atangoitanidwa ku intavyu.

Zofunika pa fomu: umboni wa unzika, thiransikiriputi ya maphunziro onse, kope ya digiri kapena kalata ya yunivesite yonena tsiku limene adzamalize, makalata awiri omuchitira umboni, fomu imene amafotokozapo yekha za thanzi lake, ndi nkhani imene amaitcha Statement of Purpose, ya masamba awiri. Amene sanamalize digiri, kalata imodzi ichokere kwa lekichara wake. Kalata ya m'bale kapena mnzake siwerengedwa.

Nkhani ya masamba awiri ija ndi imene imagwetsa anthu ambiri. Amadzaza tsamba lonse ndi kutamanda Japan: ukhondo, sitima zothamanga, makatuni. Owerengawo dziko lawo amalidziwa kale. Akufuna zinthu zitatu: chifukwa chiyani Japan ndi JET makamaka, inuyo mukabweretsa chiyani m'kalasi ndi m'mudzi umene mukakhale, ndipo mukadzabwerera mudzachita nazo chiyani. Chilichonse mwalemba chikhale ndi chitsanzo. Kulemba kuti "ndimakonda ana" n'kungotaya mzere. Lembani kuti munaphunzitsa Sande sukulu ya ana 30 kwa zaka ziwiri ndipo munkachita chiyani ana akayamba phokoso. Ndipo malire a masamba ndi kukula kwa zilembo zimene anena, tsatirani ndendende. Akuyesanso ngati mumamva malangizo.

Zotsatira zili mitundu itatu: shortlist (kutanthauza kuti mwasankhidwa), alternate, kapena kukanidwa. Alternate ndi woyembekezera kuti wina akasiya alowe m'malo mwake, ndipo amatha kuitanidwa mochedwa, ngakhale anzake atanyamuka kale.

Galimoto_Yakale:
Malipiro ake bwanji? Tisamangokamba za mafomu.

Pretoria_Mlembi:
Kuyambira Epulo 2025, chaka choyamba ndi 4.02 miliyoni yen, kutanthauza 335,000 yen pa mwezi asanadule kanthu. Imakwera pang'ono chaka chachiwiri ndi chachitatu, kufika 4.32 miliyoni pa chaka chachinayi ndi chachisanu. Kontirakiti ndi ya chaka chimodzi, yowonjezereka mpaka zaka 5 ngati okulembani akufuna. Maola ndi 35 pa sabata. Pa ndalamayo amadula inshuwalansi ya chipatala ndi penshoni, ndipo lendi mumalipira nokha, ngakhale madera ena amathandizako. Ndiye zija za "nyumba yaulere ku Japan" za pa WhatsApp zija si zoona. Ndege yokha ndiye amalipira.

Seoul_Kachere:
Nyumba yaulere ndi ya EPIK. Amakupatsani kanyumba ka munthu mmodzi kokhala ndi bedi, firiji ndi makina ochapira, inu n'kumalipira magetsi, gasi ndi madzi. Malipiro oyambira ndi 2 miliyoni won ndi kakuti pa mwezi, malinga ndi mapepala anu komanso dera. Pofika amapereka 300,000 won yoyambira moyo, ndipo mukamaliza chaka pali ndalama ya mwezi umodzi yowonjezera. Mumaphunzitsa mapiriyodi 22 pa sabata koma mumakhala pasukulu maola 40.

EPIK imatenga kawiri pa chaka: oyamba ntchito mu Malichi, pamene chaka cha sukulu chimayamba ku Korea, ndi oyamba kumapeto kwa Ogasiti. Mafomu amatsegulidwa miyezi pafupifupi 6 nthawiyo isanakwane. Chinsinsi chake n'chakuti malo amaperekedwa kwa amene mapepala ake onse afika msanga. Mukhoza kukhoza intavyu bwinobwino n'kusowa malo chifukwa envelopu yanu inafika mochedwa.

Amene alibe digiri ya zauphunzitsi kapena satifiketi ya uphunzitsi ayenera kukhala ndi satifiketi yophunzitsira Chingerezi kwa olankhula zilankhulo zina, monga TEFL, TESOL kapena CELTA, ya maola osachepera 100. Pa fomu pali nkhani zingapo zoti mulembe ndi pulani ya phunziro limodzi lathunthu. Pulaniyo igwirizane ndi nthawi yeniyeni: mphindi 40 kupulayimale, 45 kusekondale yoyamba, 50 kusekondale yomaliza. Muonetse chimene mphunzitsi mnzanu wa Chikoreya azichita pa gawo lililonse, osamuiwala ngati kuti mudzakhala nokha. Mapulani okopera pa intaneti amawazindikira, awaona kambirimbiri.

Mwana_wa_Mbewe:
Apostille imene imatchulidwa paliponse ndi chiyani kwenikweni?

Pretoria_Mlembi:
Ndi chidindo cha boma chotsimikiza kuti siginecha ndi chidindo zimene zili pa pepala lanu ndi zenizeni, kuti dziko lina lizilandire. Ku South Africa amadinda a DIRCO, unduna woona za ubale ndi mayiko ena, ku Pretoria; ku Britain ndi ofesi ya unduna wofanana nawo wotchedwa FCDO. EPIK imafuna apostille pa zinthu ziwiri: digiri ndi kalata ya kupolisi.

Ndondomeko ya ku South Africa ili chonchi. Mumapita kupolisi kukadinda zala, pempho n'kupita ku Criminal Record Centre ya SAPS (polisi ya ku South Africa) ku Pretoria. Kalatayo imatenga masabata angapo, nthawi zina kupitirira mwezi. Ikatuluka, ipite ku DIRCO. Digiri imayamba yadzera ku SAQA, bungwe la boma loona za mapepala a maphunziro, kuti aitsimikize, kenako DIRCO. Vuto lili apa: kalata ya kupolisi imagwira ntchito miyezi 6 yokha kuchokera tsiku limene inatuluka. Mukaitenga msanga kwambiri imatha mphamvu musanaigwiritse ntchito, mukachedwa malo atha. Nthawi yabwino yoyitanitsa ndi pamene mukutumiza fomu yoyamba, osadikira kuti intavyu ichitike kaye.

Thiransikiriputi ikhale m'envelopu yomata, yokhala ndi chidindo kapena siginecha ya yunivesite podutsa pamene amatira. Mukaitsegula kuti "ndingoona ngati alemba bwino", yafa, kaitanitseni ina. Pemphani makope atatu nthawi imodzi, imodzi yoti mutsegule nokha. Makalata okuchitirani umboni akhale pa pepala la ofesi, osainidwa ndi cholembera, osapitirira zaka ziwiri chilembedwere. Dzina lilembedwe chimodzimodzi pa pasipoti, digiri ndi kalata ya kupolisi. Ife a mayina atatu, lina la Chingerezi lina la kumudzi, pamenepa timakodwa kawirikawiri.

Zomba_Plateau:
Kungodziwitsa: Malawi ili m'pangano la apostille kuyambira 1967. Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique mulibe, mapepala a kumeneko amadzera njira yaitali ya unduna ndi ofesi ya kazembe.

Galimoto_Yakale:
Funso lofunika palibe wafunsa. Ufa umapezeka kumeneko? Munthu chaka chathunthu mpunga wokhawokha?

Seoul_Kachere:
Kkkkk a Galimoto. Ku Seoul, dera la Itaewon lili ndi mashopu a zakudya za kunja, ufa wa chimanga umapezeka, ndipo masiku ano ambiri amangoitanitsa pa intaneti. Mthiko nyamulani wanu.

NyasaKuJoni:
Koma biltong ndi nyama ina iliyonse musaike m'chikwama. Mayiko onse awiri amalanda pabwalo la ndege ndipo chindapusa chake n'chowawa.

Mai_a_Dalitso:
Poti mwatchula chikwama, nkhani ya mankhwala ndi yoopsa kuposa ya nyama. Japan imaletsa mankhwala ena amene kwina amagulidwa wamba, monga ena a chimfine okhala ndi pseudoephedrine wambiri, ndipo Adderall ndi woletsedwa ngakhale muli ndi kalata ya dokotala. Mankhwala olembedwa ndi dokotala opitirira mwezi umodzi amafuna chilolezo chotchedwa Yunyu Kakunin-sho, chimene mumapempha musananyamuke. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku ayambe msanga zimenezi.

Chitedze84:
Tabwererani ku intavyu, akuluakulu, ufa tidzakamba.

Leeds_Nankungwi:
Ya JET ndi yaifupi, mphindi 15 mpaka 20. Nthawi zambiri amakhala anthu atatu: wa ku ofesi ya kazembe, wina amene anapitako pa JET, ndi wina wa zamaphunziro. Amakhala ndi fomu yanu patebulo, atalemba mizere pansi pa zimene akufuna kukufunsani. Ndiye werengani zimene munalemba usiku wake, chifukwa miyezi iwiri yapitapo ndipo anthu amaiwala.

Mafunso amene sasowa: Chifukwa chiyani Japan osati dziko lina? Munapempha Osaka, nanga tikakutumizani pa kachilumba kopanda wolankhula Chingerezi? Mphunzitsi wa Chijapani walakwitsa Chingerezi pamaso pa ana, mutani? Akungokugwiritsani ntchito yowerenga mokweza ngati wailesi, mutani? Mwana wagona m'kalasi, mutani? Mungatenge zinthu zitatu ziti zoonetsa dziko lanu?

Pa mphunzitsi wolakwitsa, yankho ndi lakuti simumuchititsa manyazi pamaso pa ana. Mumanena chiganizocho molondola ngati mukungobwereza, kenako n'kukambirana awiri kalasi itatha. Pa mwana wogona kapena wovuta, chilango si ntchito yanu, ndi ya mwini kalasi, ndipo kumenya mwana n'koletsedwa ndi lamulo. Amene tinakulira pa sukulu za chikwapu tisamale pakamwa pamenepa, ngakhale mwanthabwala.

Kenako amatha kunena mwadzidzidzi kuti, "Ife ndife ana a zaka 10, tiphunzitseni mitundu ya zinthu." Imirirani pomwepo. Mawu akhale ochepa, apang'onopang'ono, manja agwire ntchito. Lozani tayi ya mmodzi wa iwo, tchulani mtundu wake, auzeni abwereze, lozani china. Mmodzi adzachita dala ngati sakumva kapena adzayang'ana pawindo. Musamudumphe ndipo musakwiye, mufikeni pafupi, mumufunse funso losavuta loti ayankhe ndi liwu limodzi, akayankha mumuyamikire. Mphindi ziwiri zokha, adzakudulani pakati. Sakuyesa ngati phunziro latha, akuona ngati ana angakukondeni.

Ngati pa fomu munalemba kuti mumadziwako Chijapani, adzakuyesani pang'ono kumapeto. Kwa ALT zimenezi sizigwetsa munthu, chimene chimagwetsa ndi kunama mulingo. A CIR, gulu lina la JET logwira ntchito m'maofesi a boma, ndiye amafunika Chijapani chozama.

Kambuzi_Wowawa:
Nanga akafunsa za khungu? Tisabise, munthu wakuda kumudzi wa ku Japan ana adzamuyang'anitsitsa.

Leeds_Nankungwi:
Amafunsadi, mwina mozungulira: mudzatani anthu akamakuyang'anani kapena ana akafuna kugwira tsitsi lanu? Musanamizire kuti sizingakukhudzeni, ndipo musayambe mlandu. Siyanitsani chidwi cha mwana ndi chipongwe chenicheni. Choyambacho mumachisandutsa phunziro, chachiwiricho mumakanena kwa amene amakuyang'anirani. Onetsaninso kuti muli ndi njira zodzisamalira mukasungulumwa.

Choko_ndi_Dasitala:
Apa ndisiyane nanu pang'ono, a Nankungwi. Mayankho okonzeratu ngati amenewa aliyense akuwaloweza masiku ano, ndipo ofunsawo amawamva tsiku lonse. Funso lenileni limene lili kuseri kwa onsewo ndi limodzi: kodi munthu uyu akatha chaka, kapena adzathawa mu Disembala chipale chofewa chikagwa? Wothawa pakati amasiya sukulu yopanda mphunzitsi ndipo boma lataya ndalama ya ndege. Ndiye umboni woti munakhalapo kutali ndi kwanu, kapena munagwira ntchito pansi pa munthu wovuta osasiya, umalemera kuposa yankho losalala.

Leeds_Nankungwi:
Sitikutsutsana kwenikweni. Kuloweza ayi, kukonzekera inde.

Seoul_Kachere:
Ya EPIK ndi ya pa vidiyo, munthu mmodzi, ndipo imatenga nthawi yotalikirapo. Korea ili patsogolo ndi maola 7 pa nthawi ya Malawi ndi South Africa, ndiye 2 koloko masana ku Korea ndi 7 koloko m'mawa ku Malawi ndi ku South Africa. Anthu amaphonya intavyu pa kuwerengera kokhaku. Konzekeraninso za magetsi: laputopu yodzaza, bandulo ya pafoni yapadera, nyale kutsogolo kwa nkhope osati kumbuyo. Valani ngati mukupita ku ofesi.

Wofunsayo amadutsa fomu yanu mzere ndi mzere, ndipo amatha kukuuzani kuti mukonze pulani ya phunziro n'kutumizanso. Zimenezo si kugwa. Amafunsa za thanzi, za mankhwala amene mumamwa, ndi za matatuu, poti fomu ili ndi malo ake. Nenani zoona, chifukwa mukafika ku Korea amakuyezani kuchipatala, kuphatikizapo mankhwala ozunguza bongo, ndipo chamba chimene ku South Africa munthu amaloledwa kusuta kunyumba kwake, ku Korea ndi mlandu. Wopezeka nacho m'thupi kontirakiti imathera pomwepo, ndege yobwerera n'kulipira yekha. Kuyeza HIV mokakamiza kwa a viza ya E-2 boma la Korea linakuchotsa mu 2017.

Lankhulani pang'onopang'ono. Wofunsayo akumvetsera ngati mwana wa giredi 3 angakumveni. Katchulidwe ka kwanu si mlandu, kuthamanga ndiye mlandu.

Galimoto_Yakale:
Wokwatira angatenge banja?

Pretoria_Mlembi:
Angathe, ngati ukwati uli ndi satifiketi ya boma. Wa chinkhoswe chokha viza ya banja sapatsidwa. Ndege ndi zonse za mkazi kapena mwamuna ndi ana mumalipira nokha, ndipo nyumba ya EPIK ndi ya munthu mmodzi. Lembani pa fomu pachiyambi pomwe kuti mudzapita ndi banja, kuti aganizire posankha dera.

Chinanso cha JET: mukakana atakuuzani kale dera limene mukupita, chaka chotsatira simuloledwa kulembetsa. Mumaloledwa kutchula madera atatu amene mukufuna, koma ndi pempho chabe.

Chitedze84:
Ndamva. Mphwangayo akonze ndalama zingati za m'thumba ponyamuka?

Pretoria_Mlembi:
Zokwanira mwezi wathunthu osalandira kanthu, chifukwa malipiro oyamba amabwera pakatha masabata angapo. Ku Japan awerengere lendi yoyamba, dipoziti, mwinanso reikin, ndalama yothokoza mwini nyumba imene sibwezedwa. Kuyambira 200,000 mpaka 300,000 yen ndi poyambira pabwino, ku Tokyo zoposa pamenepo. Ngati amayendetsa galimoto atenge laisensi ya mayiko onse asananyamuke, imagwira chaka chimodzi, kenako wa laisensi ya South Africa amayesedwa kuyendetsa kuti apeze ya Japan.

Seoul_Kachere:
Ndi nsapato zovala m'kati mwa sukulu, zosavuta kuvula. Mayiko onse awiri nsapato za panja zimatsala pakhomo. Ngati phazi lake ndi lalikulu agulire konko ku Johannesburg, ku Korea ndi ku Japan saizi zazikulu zimavuta.